Ulendo wa Mayi Wofulula Mowa wa ku Magomero

Munthu akamachokera ku Limbe kupita ku Zomba amawoloka mtsinje wa Namadzi, ndipo akapatuka cha pamenepo nalunjika kum'mawa, amafika ku Magomero. Malowa ndi odziwika m'mbiri ya dziko lino. Ndi kumene Bishopu Mackenzie anamanga mishoni m'chaka cha 1861, ndiponso ndi kumene kunali munda waukulu wa A. L. Bruce, umene anthu a John Chilembwe anauthira nkhondo m'mwezi wa Januwale 1915. Ambiri mwa anthu a kumeneko ndi Alomwe, amene makolo awo anachokera ku Mozambique nadzagwira thangata m'minda ya azungu. Pobwera anadza ndi miyambo yawo, ndipo umodzi mwa iyo unali wofulula mowa wamasese, umene m'chinenero chawo amautcha otheka.

M'mudzi wina kumeneko muli mayi wamasiye amene anaphunzira ntchito imeneyi kwa amake. Mayiyu ali ndi ana atatu. Wachisamba ndi mwamuna woyendetsa lole, wachiwiri ndi mkazi amene anakwatiwa ku Lilongwe, ndipo mzime ndi mnyamata amene amakhala ndi amake pamudzi.

Mowa wa Amake

Pa utsikana wake, mayiyu ankaona kuti mowa sunali kufululidwa mwachisawawa. Unali ndi chifukwa chake: maliro, ukwati, chinamwali, kapena dima, pamene anthu ankathandizana kulima munda wa mnzawo nadzamwa ntchito itatha. Unalinso ndi masiku ake. Poyamba ankaviika mawere kapena chimanga m'madzi, navundikira ndi masamba a nthochi kufikira mbewuzo zitamera. Chimenecho ndicho chimera, ndipo ankachiyanika padzuwa nachisinja. Kenaka ankaphika phala lamadzimadzi m'nkhali zazikulu, nalisiya kuti lisase, naliwiritsanso, ndipo litazizira ankathiramo chimera chija. Chimera ndicho chimasandutsa ufa kuti ukhale wotsekemera. Kutsekemerako kumadyedwa ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa yisiti, ndipo pamenepo ndi pamene mowa umawira ndi kukhala waukali. Ntchito yonse inkatenga pafupifupi sabata yathunthu.

Tsiku lomwa likafika, akuluakulu ankakhala paokha, chipanda n'kumayenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Ana ankapatsidwa thobwa. Mnyamata wosakwatira akayandikira nkhali, ankamubweza ndi diso lokha.

Mwamuna wake atamwalira, mayiyu anaona kuti mowa wamasese sungalere ana. Umafuna chimanga chambiri ndi nkhuni zambiri, ndipo ukapanda kugulidwa masiku awiri umasasa n'kutayidwa. Tsono anaphunzira kutcheza kachasu. Dzina limeneli linachokera kwa Apwitikizi, amene mowa wawo wa nzimbe amautcha cachaça. Madeya, shuga ndi madzi amazisiya mumtsuko masiku angapo, kenaka amatereka pamoto namata pakamwa pa mtsukowo. Nthunzi imadzera mumpope wodutsa m'madzi ozizira, ndipo imatuluka kunja ili madontho oyera mbee. Botolo loyamba, limene amalitcha mutu, ndilo laukali koposa. Kachasu sawonongeka ngakhale atakhala miyezi, ndipo ogula sasowa. Ndi ndalama za kachasu zimene zinaphunzitsa mwana wamkulu uja kuyendetsa galimoto, ndipo ndi zomwezo zimene zinafolera nyumba ndi malata.

Koma tsiku lina m'mamawa, amayi opita kukachapa anapeza mzime uja ali thapsa m'mphepete mwa Namadzi, miyendo ili m'madzi. Mwayi wake unali wakuti inali nyengo ya chilimwe, mtsinje utaphwera. Atamunyamula kufika naye kunyumba, mayi wake analowa kuchipinda nawerenga mabotolo ake. Awiri a mutu munalibe.

Mwana wamkulu atamva, anabwera msanga. Sanakalipe. Anangoti, "Amayi, mawa ndikutenga nandolo kupita naye ku Limbe, kenaka ndikatenge shuga ku Nchalo wopita ku Lilongwe. Tiyeni tipitire limodzi mukaone adzukulu anu. Mtima ukapoleko m'njira." Mayiyo anakana poyamba, pakuti mtsuko wina unali utatsala pang'ono kupsa. Koma pomaliza anasiya mnyamata uja m'manja mwa atsibweni ake, namanga kamtolo kake.

Ku Blantyre

Unali mwezi wa Okutobala. Ananyamuka kusanache, nadutsa pa Njuli, natsitsa nandolo ku Limbe. Kuchoka apo anapita ku Makata, dera la mafakitale mumzinda wa Blantyre, kukamatitsa tayala. Ali chikhalire pamthunzi, mayiyo anayamba kununkhiza mphepo. Popeza mwana wakeyo anali munthu wapabanja pake, iye ankamutchula kuti bambo. Tsono anati, "Bambo, pali wina akuphika phala la mowa pafupi pano. Fungo ili ndikulidziwa."

Mwanayo anaseka, namusonyeza nyumba zazikulu za mpanda wautali. Imeneyo inali fakitale ya mowa wam'mabotolo imene inatsegulidwa m'chaka cha 1968. Inali yoyamba imene kampani ya Carlsberg inamanga kunja kwa dziko la kwawo la Denmark, ndipo m'chaka cha 2016 kampani ya Castel ya ku France inagula gawo la Carlsberg m'fakitaleyo. Pamalo omatira matayalawo panali mkulu wina amene anagwirapo ntchito ya mowa wotere asanapume. Mayiyo anamupatsa moni, namufunsa mafunso awiri: "Kodi mowa umenewu umatenga masiku angati? Nanga amamwa ndani?"

Mkuluyo anafotokoza kuti nawonso amayamba ndi chimera, koma cha mbewu yotchedwa balere, yochokera kunja. Amachiphika, nasefa, nawiritsa madziwo pamodzi ndi maluwa owawa otchedwa hops. Akaziziritsa amathira yisiti, ndipo mowawo umakhala m'mathanki achitsulo ozizira kwa masabata angapo. Anati, "Omwa ndi aliyense amene ali ndi ndalama, Mayi. Koma taonani apa." Anatola botolo lopanda kanthu naloza nambala ya papepala lake. Nambalayo imanena ukali wa mowawo: mwa magawo 100 alionse, pafupifupi 5 okha ndiwo aukali, otsalawo ndi madzi ndi zina. Anamuuzanso kuti ngakhale Chibuku, mowa wamasese wam'mapaketi umene unayambitsidwa ndi mzungu wina dzina lake Max Heinrich, umafululidwa poyesa chilichonse pasikelo, kuti wa lero ufanane ndi wa dzulo.

Mayiyo anafunsa, "Nanga kachasu ali ndi magawo angati?" Mkuluyo anayankha kuti kachasu wa mutu amatha kupitirira magawo 40, ndipo wotcheza ndi womwa onse sadziwa nambala yake. Mayiyo anangoti chete. Kwa zaka zonsezo muyeso wake unali kuthira dontho pamoto ndi kuona ngati liyaka.

Kuchigwa cha Shire

M'mawa mwake anatsika phiri la ku Chikwawa. Msewu wake ndi wokhotakhota, ndipo mayiyo anagwiritsa chitseko ndi manja awiri mpaka pa Thabwa. Anawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, ndipo kutentha kunali kosasimbika. Pafupi ndi Dyeratu mwanayo analoza fakitale ya PressCane, imene inayamba ntchito m'chaka cha 2004. Anati kumeneko amatenga manyuchi akuda otsala popanga shuga ku Nchalo, nawawiritsa ndi yisiti, nawatcheza monga momwe amatchezera kachasu, koma m'mipope italiitali. Chotulukacho amachitcha ethanol, ndipo chambiri amachisakaniza ndi petulo.

"Ndiye kuti omwa ake ndi magalimoto?" anafunsa mayiyo.

"Inde, Amayi. Ukali umene uli mu kachasu wanu uja ndi womwewu. Kusiyana kwake n'kwakuti wanu uli ndi madzi pang'ono."

Mayiyo anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali.

Ku Nchalo malole anali ambiri pamzere, kotero anayenera kugona komweko. Madzulo anayenda kulowera kumudzi wina woyandikana nawo, kumene anapeza nkhalamba ili pansi pa mitengo ya migwalangwa. Inali ndi mpeni wakuthwa m'manja, ndipo pansonga za mitengo ina panali zigubu zomangirira. Umenewo ndi uchema, vinyo wa anthu a kuchigwa. Amasenga nsonga ya mtengo, ndipo madzi ake amadonthera m'chigubu usiku ndi usana. Safuna moto, safuna chimera, pakuti madziwo ndi otsekemera kale ndipo amawira okha.

Mayiyo anafunsa mafunso ake awiri aja. Nkhalambayo inati, "Uchema ndi wa tsiku limodzi, Mayi. M'mawa umatsekemera, ngakhale mwana akhoza kulawa. Masana umayamba kuluma. Ukagona masiku awiri, wasasa. Omwa ndi awa mukuwaona pansi pa mtengowa, ndipo onse ndimawadziwa maina ndi kwawo komwe. Wina akayamba kulankhula zosamveka, ndimamuuza kuti chigubu chauma." Inawonjezanso kuti wosenga wadyera, amene amadula kwambiri kuti apeze zigubu zambiri msanga, amaumitsa nsonga nthawi yake isanakwane, ndipo amatsala wopanda kanthu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mayiyo analawa pang'ono m'chikho, nathokoza. Usiku umenewo tulo sanatione, koma sichinali chifukwa cha udzudzu wokha.

Nkhani ya M'njira

Atapakira shuga anakweranso phiri, nadutsa mu Blantyre, nawolokanso Shire pa Zalewa. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 300, ndipo lole yolemedwa siithamanga. Atapitirira Ntcheu anaima pa Lizulu, pamene msewu umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique. Kumeneko kunali kozizira, ndipo amayi anali atayala mbatata, kabichi ndi mapichesi m'mbali mwa msewu. Mapichesi ena anali atayamba kale kuwola m'madengu.

Pofuna kuchotsa tulo, mwanayo anasimba za ulendo wina umene anafika nawo ku South Africa, kufupi ndi mzinda wa Cape Town. Kumeneko ndiko kuli dziko la vinyo. Azungu a ku Holland anafinya mphesa koyamba kumeneko m'chaka cha 1659, ndipo zigwa zozungulira tauni ya Stellenbosch ndi minda ya mphesa yokhayokha. Kuyambira m'chaka cha 1971, eni minda anakonza njira yakuti alendo aziyenda pagalimoto kuchoka pamunda uwu kupita pamunda uwo, kulawa vinyo wa paliponse. M'matauni a kumeneko mulinso timafakitale ting'onoting'ono ta mowa, timene munthu mmodzi kapena banja limodzi limafulula mowa wa mtundu wakewake, ndipo alendo amayenderanso timeneto.

"Koma chodabwitsa, Amayi, n'chakuti akatswiri olawa sameza. Amanunkhiza, amayendetsa vinyoyo m'kamwa, kenaka amalavulira m'kachitini."

Mayiyo anawomba m'manja. "Kulipira ndalama kuti akalavule! Kodi anthu amenewo ali bwinobwino?" Anaseka mpaka misozi. Atapukuta m'maso anafunsa kuti, "Nanga olima mphesazo amamwa chiyani?"

Pamenepo mwanayo anasiya kuseka. Anati kwa zaka mazana, eni minda ambiri ankalipira antchito awo gawo lina la malipiro ndi vinyo wachabechabe, kangapo patsiku. Mchitidwewu unkatchedwa dop. Lamulo linauletsa cha m'ma 1960, koma unapitirira m'minda ina mpaka m'zaka za m'ma 1990. Antchito anakhala akapolo a chikho, osatha kuchoka pamundapo, ndipo ana ambiri anabadwa ofooka nzeru chifukwa amayi awo ankamwa ali ndi pakati.

Mayiyo anakumbukira nkhani za thangata zimene agogo ake ankasimba. Kenaka anakumbukira chinthu china cha pafupi. Chaka chapitacho iye mwini analipira anyamata atatu omulimira munda ndi mabotolo a kachasu m'malo mwa ndalama, ndipo mwana wake anali nawo pamodzi m'mundamo. Izi sanaziulule kwa mwana wamkuluyo. Anangoyang'ana phiri la Dedza mpaka linatsala m'mbuyo.

Ku Lilongwe

Mwana wamkazi uja anawalandira ndi chimwemwe, naphera nkhuku amake. Atamva za mafunso amene amake anali kufunsa m'njira monse, anati, "Amayi, vinyo sali kutali ayi. Muno mu Lilongwe momwe alipo." Ankanena za vinyo wa Linga, amene Dr. Timothy Ngwira ndi akazi awo a Margaret anayamba kupanga pakhomo pawo m'zaka za m'ma 1970, ndipo pambuyo pake ntchitoyo inakula n'kukhala bizinesi. Vinyo wake si wa mphesa, koma wa zipatso zolimidwa m'dziko momwe muno, monga jambula, magwafa, mapulamu, mapichesi, mabulosi ndi chidede.

Anapita kusitolo nagula botolo limodzi la mabulosi. Mayiyo analiyang'ana padzuwa. Linali lofiira, loyera bwino, lopanda masese pansi. Mkamwini wake, amene ankadziwako za ntchitoyi, anakhala chapatali monga mwa ulemu nafotokoza kapangidwe kake. Zipatso zakupsa bwino amazitsuka nazifinya, nawonjeza madzi owiritsa, shuga woyesa ndi yisiti. Amatseka chotengeracho mwanjira yakuti mpweya wam'kati uzituluka koma wakunja usalowe, pakuti mpweya wakunja umasandutsa vinyo kukhala viniga. Kuwira kukatha amapungulira m'chotengera china, kusiya matope pansi, ndipo amatero kangapo.

"Masiku angati?" anafunsa mayiyo.

"Si masiku, Amayi. Ndi miyezi, mwina kufika chaka."

"Nanga amamwa ndani?"

Mkamwiniyo anati botolo limodzi limakwanira anthu anayi kapena asanu pa chakudya, aliyense kambale kake kagalasi, ndipo ukali wake, umene umakhala cha m'ma 12, umalembedwa papepala. Ananenanso mosabisa kuti vinyo naye amaledzeretsa ndi kuwononga chiwindi ngati munthu amumwa mopyola muyeso. Palibe mowa umene uli mankhwala.

Mayiyo analawa, natsinzina. Kuseri kwa nyumba yake ku Magomero kuli mitengo iwiri ya mabulosi, imene zipatso zake zimangodyedwa ndi mbalame ndi kudetsa zovala za ana.

Kubwerera Kumudzi

Pobwerera anadzera ku Balaka, nawoloka Shire pa Liwonde, nadutsa mu Zomba. M'njira monse mayiyo sanalankhule zambiri. Anali kusinkhasinkha mayankho amene anatola. Wa m'mabotolo amatenga masabata ndipo nambala yake ili poyera. Wa uchema amadziwa omwa ake mmodzimmodzi. Vinyo amadikira miyezi. Mowa wa amake unali ndi sabata yake ndi chifukwa chake. Atafika pa Thondwe anadzifunsa yekha mafunso awiri aja. Kachasu wake amatchezedwa m'mawa umodzi, ndipo ukali wake sudziwika. Omwa ake ndi aliyense wogogoda pazenera, ngakhale pakati pa usiku, ngakhale mnyamata wa sukulu wonena kuti wamutuma bambo ake. Ndipo mmodzi wa omwawo anali mwana wobala yekha. Kale ankati ana oledzerawo ndi a eni, naiwala kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Atafika anapeza mtsuko uja utapsa kalekale. Anautaya kudzala. Mpope anaupereka kwa mwana wamkulu kuti apite nawo.

Chimene chinatsatira sichinali chopepuka. Anabwerera ku mowa wamasese, umene amafulula kamodzi pa masabata awiri ndi kugulitsa masana okha, ndipo masiku a msika amapita ndi thobwa ku Namadzi. Ndalama zinachepa kwambiri. Chaka chimenecho anagula thumba limodzi la feteleza m'malo mwa awiri, ndipo chimanga sichinafike m'mwezi wa Febuluwale. Ena mwa ogula ake akale anamunyoza kuti wayamba kunyada chifukwa anaona Lilongwe. Kachasu m'mudzimo sanathe, pakuti otcheza ena alipo, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi osowa pogwira monga analili iye. Sawadzudzula, chifukwa akudziwa kumene njala imafikitsa munthu.

Anayesanso vinyo wa mabulosi m'chigubu cha malita 5. Choyamba chinasanduka viniga, popeza iye ankatsegula tsiku ndi tsiku kuti aone ngati wapsa. Viniga ameneyo anathira m'ndiwo zamasamba. Pa chigubu chachiwiri anaboola chivindikiro, nalowetsa kapaipi kopyapyala, namata ndi phula, ndipo nsonga inayo anaimiza m'botolo la madzi. Mpweya unkatuluka kuti bwibwibwi, koma wakunja sunkalowa.

Mzime uja sanasiye kumwa tsiku limodzi. Masiku ena amabwerabe usiku akudzandira, atamwa kwa ena. Koma masiku oterewa akunka nachepa, ndipo ndi iye amene amakwera m'mitengo kukathyola mabulosi. Tsiku lina anagwada pafupi ndi chigubu chija, namvetsera kubwibwita kwake, nafunsa kuti, "Amayi, kodi titsegula liti?"

Mayiyo anayankha, "Chimanga chimene tikubzalachi chikadzalowa m'nkhokwe. Tidzaitana atsibweni ako ndi akulu ako, ndipo aliyense adzamwa kambale kamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga."

Mnyamatayo anawerenga miyezi ndi zala zake, napeza kuti ndi isanu ndi umodzi. Anapukusa mutu, natola khasu lake, nalowera kumunda.